Miyezi Itatu Yopanda Maliro

Ine ndine munthu wovuta kunamiza. Ndaphunzitsa ana a pulayimale zaka zoposa makumi awiri pa sukulu ina kufupi ndi Namitete, ndipo mwana akabwera ndi nkhani yoti kope lake ladyedwa ndi mbuzi, ndimadziwa asanamalize ngati mbuziyo ilikodi. Wonama amachulutsa mawu, ulemu wake umapitirira muyeso, ndipo amakuyang'ana pachipumi m'malo mwa m'maso. Ndiye amuna anga atayamba kundiyang'ana pachipumi, chaka chimene ndinkalandira mankhwala a khansa ya m'mawere, sindinachedwe kuzindikira kuti pali chimene akundibisira.

Anali atandichotsa bere lakumanzere kuchipatala chachikulu cha m'tauni, ndipo bala litapola anandiyambitsa mankhwala a m'diripi. Tinkapita masabata atatu aliwonse. Tinkakwera minibasi pa Namitete, kudutsa pa Msundwe ndi pa Chitedze, n'kukakhala pa benchi mpaka utaitanidwa. Mankhwalawo anali ofiira, ndipo ankatuluka ofiira chomwecho ukapita kukataya madzi. Tsitsi linathothoka lonse, nsidze zomwe. Chakudya chilichonse chinkamveka ngati ndikutafuna supuni. Koma sindinkadandaula kwambiri, chifukwa ndinkati mankhwala ozunza chonchi ndiye kuti akugwiradi ntchito.

Amuna anga ndi mlimi wa fodya komanso mkulu wa mpingo, munthu woti mawu ake a tsiku lonse ukhoza kuwalemba pachikhatho. Ndiwo ankandiperekeza ulendo uliwonse, atanyamula chikwama, botolo la madzi ndi buku langa la kuchipatala. Pa zimenezo sindingawanene. Amuna ena akangomva za bere lochotsedwa amayamba kusowa pakhomo, koma anga ankatsuka ngakhale beseni limene ndasanziramo.

Pa benchi la kuchipatala lomwelo ndi pamene ndinapeza mnzanga. Anali mkazi wa bambo wina wachisilamu amene ali ndi sitolo pa Namitete, mayi amene ndinakhala ndikugula kwa iwo sopo ndi mchere zaka zambiri osapyola pa moni. Tsiku lina tinangoonana pamzere, tonse titamanga duku mpaka pamaso, iwo n'kuyamba kuseka.

"Aphunzitsi, nanunso mwalembetsa sukulu inoyi?"

Kuyambira pamenepo tinkakwera minibasi imodzi. Ankayenda ndi ndimu m'kachikwama, ndipo fungo la dizilo likatiyambitsa mseru tinkanunkhiza mosinthana. Ine ndinkawaitana kuti achemwali. Amuna athu ankakhala mpando wakumbuyo kumakamba za mvula ndi feteleza, ife kutsogolo tikuuzana zimene sitikanawauza iwowo, za mantha, za chipsera, za momwe tinasiyira kudziyang'ana pagalasi. Iwo matenda awo anapezeka mochedwa, ndipo ankanena okha mosabisa. Ankakonda kunena kuti akufuna munthu wowauza zoona, osati wowasisita pamsana.

Zinthu zinasintha nditamaliza diripi yachinayi. Anatiitana kuti akandiunike mtima ndi makina, monga anachitira ndisanayambe mankhwala. Tsiku limenelo ndinali wofooka kwambiri, chizungulire chokhachokha, moti atamaliza anandisiya pabedi kuti ndipumule. Chitseko chinali chotseguka pang'ono. Ndinaona dokotala, mtsikana wa magalasi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, akulankhula ndi amuna anga pakhonde, iwo akungogwedeza mutu. Kenako anapinda pepala kanayi n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete, osati m'buku langa momwe munkakhala mapepala ena onse.

"Akuti chiyani adokotala?" ndinawafunsa tili mu minibasi.

"Akuti zonse zili bwino. Zili bwino kwambiri. Musadandaule chilichonse, zikuyenda bwino ndithu."

Anatchula bwino katatu, munthu amene ngakhale mvula itagwa pa nthawi yake amangoti eya. Maso awo anali pa duku langa.

Ulendo wotsatira mankhwala ofiira aja kunalibe. Namwino anapachika thumba la mankhwala oyera mbee ngati madzi, ndipo ndisanamalize kufunsa amuna anga anali atayankha kale kuti ndi gawo lachiwiri la mankhwala. Tsiku lathu lopita kuchipatala linasinthanso, moti sitinkakumananso ndi achemwali aja pa benchi. Kunyumba kunabwera timapiritsi toyera tomwa m'mawa uliwonse, amene ankati ndi owonjezera mphamvu. China, chimene chinandidabwitsa kuposa zonse, chinali lamulo loti ndiziyenda tsiku lililonse, mphindi makumi anayi.

Tanthauzo la zonsezi ndinkalidziwa, kapena ndinkaganiza kuti ndikulidziwa. Mayi anga atadwala chiwindi zaka zapitazo, ine ndi amene dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndiwatengere kunyumba azikadya chimene mtima wawo wafuna. Ndinabwerera ku bedi lawo ndikumwetulira, n'kuwauza kuti atitulutsa chifukwa achira. Kwathu kuno timatero, ndipo timati ndi chikondi. Ndiye ndinangowerengera ndekha kuti mankhwala amphamvu awasiya chifukwa alephera, oyerawa ndi ongonditonthoza, ndipo kuyendaku ndi koti ndiziona ngati pali chimene tikuchita.

Unali mwezi wa Juni, nthawi yozizira, anthu ali kalikiliki kusankha fodya m'zigafa. Amuna anga pa fodya salola kusokonezedwa. Ndikukumbukira kuti mwana wathu wachiwiri atabadwa, anabwera kudzamuona atamaliza kaye kudinda belo. Koma chaka chimenecho dzuwa likangotuluka ankasiya zonse, n'kundiikira nsapato zanga za nsalu pakhomo. Ankavala wotchi, n'kumakankha njinga pambuyo panga kuti ndikalephera andikweze. Sabata yoyamba ndinkangofika pa mjigo n'kubwerera. Kenako ndinayamba kufika pa chigayo, ndipo mwezi usanathe ndinkafika pa mlatho wa kudambo n'kubwerera osakwera njinga.

"Fulumiraniko pang'ono," ankatero kumbuyoko. "Akuti kupuma kuzikwera, koma muzitha kulankhula."

"Ndilankhule ndi ndani, poti inu simuyankha?"

Kwathu munthu sayenda chimanjamanja popanda kumene akupita. Amanyamula khasu, ndowa, thumba la kuchigayo, ngakhale Baibulo. Anthu ankatifunsa kuti talawira kuti, amuna anga n'kuyankha kuti tikungowongola miyendo, ndipo wofunsayo ankandiyang'ana ndi chisoni chimene sindinachipemphe. Ndinkachita manyazi, ndipo manyaziwo ankasanduka mkwiyo. Chimene chinkandikwiyitsa kwambiri n'choti kuyendako kunkandithandizadi. Ndinayamba kugona tulo, ndinkamaliza mbale ya phala, ndipo kutopa kwa pambuyo pa diripi sikunkakhalitsa ngati kale. Koma ndinali nditaonapo odwala akutsitsimuka masiku ochepa asanapite, choncho ngakhale zimenezo ndinaziwerengera kumbali yoipa.

Kenako ndinaona kuti tikungoyenda njira imodzi. Ukatuluka pakhomo pathu, msewu wakumanja umapita pa Namitete pomwe pali masitolo, wakumanzere umatsikira kudambo. Ife tinkalowera kumanzere tsiku lililonse. Tsiku lina ndinakhotera kumanja dala, ndipo munthu wosathamanga uja anandidutsa ndi njinga n'kuima patsogolo panga.

"Uko ayi. Kuli fumbi la magalimoto."

"Ndikufuna ndikaone achemwali aja a m'sitolo. Papita nthawi."

"Mukawaona mukapeza bwino. Lero tiyeni kumlatho."

Ngakhale popita kuchipatala anasiya kundikwezera minibasi pa Namitete. Ankanditenga panjinga kudzera njira yachidule mpaka pa siteji ina ya mbali ya kutauni, akuti kumeneko sikukhala chipwirikiti. Foni yanga anaitenga tsiku lina kuti akaitchajitse, n'kubwera ndi nkhani yoti batire yafufuma ndipo aisiya kwa wokonza. Wokonzayo anakhala nayo masabata ndi masabata, ndipo nthawi iliyonse ndikafunsa, chipangizo chake chinali chisanabwere kuchokera m'tauni.

Ndivomere kuti achemwali ajanso ndinawakwiyira. Ndinkati ngati ine ndatsekeredwa, iwo akulephera bwanji kutumiza uthenga, ngakhale kudzera mwa wakabaza? Kenako ndinapeza yankho londikwanira. Ndinati amuna anga auza amuna awo za ine, ndipo mayi osatha kunama ngati amene aja aona kuti kuli bwino kundipewa kusiyana n'kundiyang'ana m'maso. Ndinawamvetsa, koma zinandipweteka kwambiri.

Chimene chinanditsimikizira zonse chinali nkhani ya maliro. Amayi a mumpingo ankabwera kudzandizonda Lachinayi lililonse. Ankaimba, kupemphera, kenako n'kukhala pamkeka kumacheza. Aliyense amene anakhalapo pa macheza a amayi akudziwa kuti sipatha mphindi khumi wina asanatchule kumene kwagwa zovuta. Koma kwa miyezi itatu dera lathu lonse, kuyambira Namitete mpaka ku Nsaru, linasiya kufa. Nkhani zinali za mbatata, za ukwati, za mwana wa uje amene wakhoza mayeso. Wina akayamba kuti "paja dzana kunali," mnzake ankamugunda ndi chigongono, nkhani n'kukhotera ku mtedza. M'mudzi mwathu mwenimwenimo munalibedi maliro nthawi imeneyo, apo ayi ndikanamva kulira. Koma amuna anga ankavala jekete pakati pa sabata, akuti kuli msonkhano wa akulu a mpingo, n'kubwera madzulo ndi dothi lofiira ku nsapato, akung'ung'udza nyimbo imene sitiimba pa msonkhano uliwonse. Ndinati basi, anthu sakamba za manda pamaso pa munthu amene ali wotsatira pamzere.

Pamenepo ndinachita chinthu chopusa, ndipo ndikuchilemba kuti chisaoneke ngati wolakwa anali mmodzi. Ndinasiya kumwa timapiritsi tija. Ndinkati sindingameze bodza m'mawa uliwonse ndi madzi. Ndinkatiika pansi pa lilime, amuna anga akatembenuka n'kukatilavulira kuseri kwa bafa. Ndinatero pafupifupi masabata atatu. Mapazi anayamba kutupa pang'ono madzulo, ndipo pa chitunda cha pobwerera kumlatho mpweya unkandithera kuposa kale. Sindinauze munthu. Ndinkavala masokosi, n'kumadziuza kuti zimene ndinkayembekezera zija zayamba.

Sindinkaopa kufa kokha ayi. Chimene chinkandiwawa n'choti aliyense akudziwa za thupi langa kupatula mwini wakene. Ndinali ndi zoti ndiuze ana anga, ndinali ndi anthu oti ndiwapepese ndi ena oti ndiwakalipire, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti ndatsala ndi nthawi yochuluka bwanji yochitira zimenezo.

Lamulungu lina masana, titabwera ku tchalitchi, amuna anga anapita kukasamba n'kusiya jekete pa msomali. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanapisepo m'thumba mwawo. Tsiku limenelo ndinapisa. Pepala lija linali momwemo, litayamba kuthetheka m'mopinda. Ndinalitambasula, koma Chingerezi chake sichinali chimene ndimaphunzitsa. Munali zilembo zoduladula ndi manambala, imodzi atayizunguliza ndi cholembera n'kujambula kamuvi koloza pansi. Ndinalipindanso n'kuliika m'kamisolo, mbali yopanda bere, komwe kunali malo okwanira. Madzulo ndinawaona akupapasa jekete, kusuzumira pansi pa bedi, kugwedeza buku la nyimbo. Sanandifunse, inenso sindinawafunse chimene akufuna.

Lachiwiri lotsatira linali tsiku lokaonana ndi dokotala. Atatiitana, amuna anga anaimirira ndi buku langa monga mwa nthawi zonse. Ndinawalanda bukulo pamaso pa anthu onse a pa benchi.

"Inu dikirani panja."

"Mayi, nanga mukakomoka m'katimo?"

"Muli mabedi ambiri. Khalani pansi."

Anakhala. Ndinalowa ndekha, kutseka chitseko, n'kuika pepala lija pa tebulo la dokotala wa magalasi uja.

"Adokotala, ine ndine munthu wamkulu, ndaika m'manda mayi anga ndi bambo anga. Ndiuzeni mosazungulira. Ndatsala ndi miyezi ingati?"

Anayang'ana pepalalo, kenako ine. "Kodi bambo sanakufotokozereni? Tsiku lija munali ofooka, ndiye anandipempha kuti akakuuzeni okha kunyumba mukapezako bwino."

"Anandiuza kuti zonse zili bwino."

Anavula magalasi n'kukokera mpando pafupi ndi ine. Anandiuza kuti pa nkhani ya khansa zinthu zikuyenda monga ankayembekezera, ndipo palibe amene wataya mtima. Pepalalo silinkanena za khansa n'komwe, linkanena za mtima. Mankhwala ofiira aja, iye anati, amalimbana ndi khansa mwamphamvu koma kwa anthu ena amafooketsa mtima, ndipo makina anaonetsa kuti wanga wayamba kupopa magazi mocheperako poyerekeza ndi poyamba. N'chifukwa chake anawasiya n'kupitiriza ndi oyera aja, amenenso ndi mankhwala enieni a khansa. Timapiritsi tinali toteteza mtima. Kuyenda kunalinso kwa mtima womwewo, kuti usafooke pamene thupi likulandira mankhwala. Anati amayi ena amachira khansa bwinobwino koma patapita zaka n'kuvutika ndi mtima, choncho kuyendako sikudzatha diripi ikadzatha, ndi kwa moyo wanga wonse.

"Mapiritsi mukumwa, eti?"

Ndinayang'ana pa chipumi pake. Kenako ndinavula sokosi n'kumuonetsa phazi.

Sanandikalipire mokweza, koma mawu ake anali olimba moti ndinadziona ngati mwana wa m'kalasi langa. Anadina phazilo ndi chala, kundimvetsera pachifuwa, n'kulemba zoti andiunikenso tsiku lomwelo. Anati kutupa kwa mapazi ndi kubanika ndi zizindikiro zimene ndinayenera kuthamanga nazo tsiku loyamba, ndipo munthu sangathamange ndi chizindikiro chimene sanauzidwe. Kenako anatsegula chitseko n'kuitana amuna anga.

Analowa atagwira chipewa m'manja. Dokotala atawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anayankha akuyang'ana pansi.

"Adokotala, kwathu munthu wa mtima sauzidwa nkhani yodzidzimutsa. Achimwene anga anali ndi vuto la mtima, atangouzidwa za ngozi ya mwana wawo anagwa pomwepo. Ndiye ndinati ndikawauza mayiwa kuti mtima wawo wafooka, mtima womwewo uima."

Dokotala anawafotokozera mofatsa kuti kusadziwa kukanandipha msanga kuposa kudziwa. Iwo ankangoti, "Ndamva, ndamva." Ine mkwiyo unali utayamba kusungunuka. Ndinkawayang'ana, munthu wamkulu, tsitsi la imvi, akupotokola chipewa, ndipo ndinawamvera chisoni. Dokotala atandiunikanso anati mtima sunaipireipire, ndikangoyambiranso mapiritsi ndi kupitiriza kuyenda tiona kusintha. Ndinatuluka m'chipatalamo ndili wopepuka kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu. Ndinagula nthochi pa geti n'kudya ziwiri ndili chiimire.

Mu minibasi ndinkangoganiza za achemwali aja. Ndinkafuna kukawauza kuti sindikufa, kuti aleke kundithawa, ndiponso kuti tiseke limodzi za mphunzitsi wolavula mankhwala kuseri kwa bafa. Titayandikira siteji yathu yatsopano ija, amuna anga anagogoda denga kuti titsike, poti njinga anali ataisiya kwa wina pomwepo. Ndinauza kondakitala kuti ife ndi a pa Namitete.

"Mayi, njinga ili pano."

"Mudzaitenga mawa. Ine ndikukaona anzanga."

Sanatsike. Titatsika pa Namitete anandigwira mkono m'mbali mwa msewu, chinthu chimene sachita pagulu. Ulendo uno anandiyang'ana m'maso.

"Mayi aja anatisiya. Papita masabata asanu. Anamwalira m'mawa, masana omwewo n'kuikidwa, monga amachitira anzathuwa. Ine ndinapita."

Mtima wanga sunaime. Ndinaumva ukugunda bwinobwino, ndipo ndinadana nawo chifukwa cha zimenezo. Ndinachotsa dzanja lawo pa mkono wanga n'kuwoloka msewu.

Sitolo inali yotsegula. Bambo aja anali kuseri kwa kauntala akuyeza shuga, ataonda moti mkanjo unkangolendewera. Atandiona anasiya sikelo, kutulutsa benchi pakhonde, n'kutipatsa moni mmodzimmodzi. Ndinapepesa maliro monga mwa mwambo, koma mawu anandithera pakati ndipo ndinalira pamaso pa anthu ogula. Iwo anadikira mpaka nditatonthola. Anandiuza kuti matenda a akazi awo anafika m'mafupa, ndipo masabata awiri omaliza achipatala anawabweza kunyumba. Anati sanavutike nthawi yaitali, ndipo ankalankhula mpaka tsiku lomaliza.

"Ankakufunsani kwambiri, aphunzitsi. Tsiku lililonse ankati, kodi anzanga aja sanabwere? Foni yanu sinkapezeka. Ndiye bambowa atabwera kudzagula sopo ndinawapempha, kawiri konse, kuti mwina akutengeni panjinga mudzangoonana pang'ono. Anandiuza kuti muli chigonere, simukutha ngakhale kufika pakhomo. Nditawauza mayi, anati basi musawavutitse, ndipo anakupemphererani."

Sanali kudandaula kapena kutsutsa munthu. Ankalankhula mokoma mtima, ndipo anamaliza ndi kuthokoza Mulungu kuti lero ndikutha kuyenda ndi miyendo yanga.

Amuna anga anali atakhala kumapeto kwa benchi, chipewa pa bondo. Masabata amenewo ine ndinkafika pa mlatho n'kubwerera m'mawa uliwonse osapumira, ndipo kuchokera kwathu kufika pa sitoloyo ndi pafupi kuposa pamenepo. Mawu anali atafika kale pakamwa. Ndikanangonena chiganizo chimodzi, bambo aja akanadziwa kuti akazi awo anamwalira akupempherera munthu amene ankawongola miyendo kudambo, ndipo mkulu wa mpingo akanatsala wabodza pakhonde la sitolo, pamaso pa ogula onse aja. Ndinayang'ana bambo ofedwawo, ndinayang'ana amuna anga.

"Eya, ndinali chigonere," ndinatero. "Ndadzuka posachedwapa."

Tinabwerera kunyumba wapansi, ine patsogolo, iwo pambuyo. Titafika anapita kuchipinda n'kubwera ndi foni yanga, imene inali m'bokosi la mapepala a mpingo nthawi yonseyi, batire yake ili bwinobwino. Nditaitchajitsa n'kuiyatsa tsiku lotsatira, inalira kangapo ndi mauthenga akale. Atatu anali a achemwali. Womaliza unali waufupi, wongofunsa ngati ndawakwiyira.

Papita zaka tsopano. Tsitsi linamera, khansa sinabwerere, ndipo kuchipatala amati mtima wanga ukupopa bwino. Mapiritsi ndimamwa, kuyenda ndimayenda m'mawa uliwonse, ndipo ndikudziwa kuti mwina sindikanafika pano pakanapanda munthu amene ankakankha njinga pambuyo panga. Ndimawaphikira, timapemphera limodzi, ndipo anapepesa kangapo. Koma kwa dokotala ndimalowa ndekha, ndipo akandiuza kuti wakutiwakuti ali bwino, ndimakafunsanso kwa wina. Bambo a m'sitolo aja mpaka lero akandiona amauza ogula kuti mayi awa anali chigonere, taonani mmene Mulungu anawadzutsira. Ine ndimangovomera, n'kugula mchere wanga.